Chovala cha chidole chikachita makwinya: mafunso ndi mayankho

Mukachoka pa boma la Salima kulowera ku Senga Bay, musanafike kumahotela a m'mphepete mwa nyanja, mumadutsa timisasa ta ogulitsa ziboliboli. Maso amathamangira pa mvuu, ng'ona, mabawo ndi mipando ya mafumu, koma pakati pa zosemazo pamapezekanso zidole zovala nsalu: mayi wobereka mwana atasenza mtsuko, msodzi wa kabudula, gule wa nthenga kumutu. Kumsika wa kaunjika nakonso, belo la zoseweretsa ana likatsekulidwa, mumatuluka zidole zapulasitiki zochokera kunja, zina asilikali, zina anthu a m'mafilimu, tizovala tawo titapanikizika m'belomo miyezi yambirimbiri. Za kuno ndi za kunja zomwe, kawirikawiri zimafika kwa mwini watsopano nsalu ili makwinya okhaokha. Nawa mafunso amene munthu amakhala nawo akafuna kuzikonza.

Kodi chovala cha chidole n'choyenera kuchitayira nthawi?

N'choyenera, ndipo woyamba kukuuzani zimenezi ndi wogulitsa. Mlendo akaima pamsasa amayamba waona chovala asanaone nkhope imene wosema anaivutikira masiku. Duku ikagwera kumaso, chitenje chikapindikira m'mwamba, chidole chatsopano chimaoneka chogonera, ndipo pokambirana mtengo umagwa. Thukuta la anthu awiri, wosema ndi wosoka, limanyozeka chifukwa cha khwinya limene likanachoka ndi supuni yotentha.

Kunja nkhaniyi ndi yaikulu kuposa momwe ambiri timaganizira. Kampani ya Mattel ya ku America inatulutsa Barbie mu 1959. Mu 1964 kampani ya Hasbro inatulutsa G.I. Joe, msilikali wotalika pafupifupi masentimita 30, wopindika m'mawondo ndi m'zigongono, wovala yunifolomu yansalu yotheka kuvula, ndipo dzina lakuti action figure linayambira pamenepo. Ku Britain msilikali yemweyu anatuluka mu 1966 ndi dzina lakuti Action Man. Lero makampani monga Hot Toys ya ku Hong Kong amapanga zidole za msinkhu womwewo zofanizira anthu a m'mafilimu, ndipo ogula ake ndi anthu akuluakulu amene amalipira madola oposa 200 pa chimodzi n'kuchitsekera m'kabati yagalasi. Kwa anthu amenewa chidole chovala zovala zake zenizeni chimaposa kutali chimene chasokeredwa zina. Choncho mukatola chotere pa kaunjika, kajekete kake kaya kakwinyika motani, musakataye.

N'chifukwa chiyani kansalu kakang'ono kamavuta kusiyana ndi malaya athu?

Tiyambe ndi khwinya lenilenilo. Thonje, mbewu imene alimi a ku Salima amaidziwa bwino, lili ndi ulusi wopangidwa ndi timaunyolo tosaoneka ndi maso, togwirana mofooka. Chinyezi chikalowa timamasukana. Nsalu ikauma ili chipindikire, timagwirananso pomwe tapezekapo, basi khwinya lakhazikika. Kusita ndi kubwereza zomwezo mwadala: kunyowetsa, kutenthetsa, kuwongola, n'kuumitsa nsalu ili yowongoka. N'chifukwa chake telala amawaza madzi asanaike simbi. Poliyesitala ndi nayiloni ndi zina: ulusi wake ndi pulasitiki, sumva madzi kwenikweni, umamva kutentha. Ukafunda umafewa, ukazizira umasunga maonekedwe amene wapatsidwa, koma moto ukapyola muyezo umanyezimira, kenako n'kusungunuka, ndipo pamenepo palibenso kubweza.

Tsono vuto la chidole lili apa. Chidole cha masentimita 30 n'chochepa kasanu n'kamodzi poyerekeza ndi munthu wamtali masentimita 180, koma nsalu imene chavala siinachepe makulidwe. Ndi nsalu yomweyo ya malaya anu. Kwa chidolecho zili ngati munthu atavala malaya osokedwa ndi bulangete lopindidwa pawiri. Chitenje cha mayi weniweni chimagwa chokha chifukwa chili ndi kulemera kochikokera pansi, ndipo akamayenda makwinya ang'onoang'ono amawongoka okha. Kachitenje ka chidole kalibe kulemera kumeneko. Pamene mwakapinda kamakhala pomwepo, pamene katukuka kamakhala chitukukire.

Apa ndi pamene ambiri amalakwira. Amaganiza kuti cholinga n'chakuti nsalu ikhale thyathyathya, yopanda mpindo ndi umodzi womwe. Chovala chosita motero chikabwerera pa chidole chimaima chokhachokha, osakhudza thupi, ndipo chidolecho chimaoneka chakufa kuposa kale. Ntchito yake ili pawiri: kuchotsa makwinya a m'belo ndi a m'katoni, amene alibe tanthauzo, kenako kuikamo mipindo imene nsalu imakhala nayo ikavalidwa ndi munthu wamoyo. Gawo lachiwirili ndi limene limafuna diso.

Ndiyambire pati?

Jambulani kaye chidolecho pa foni, kutsogolo ndi kumbuyo, chisanavulidwe. Tilamba, timabatani ndi timfundo timaiwalika msanga momwe tinalili.

Kenako dziwani nsalu. Zovala za zidole sizikhala ndi kachikwangwani konena za kachapidwe, choncho sololani kaulusi kamodzi mkati mwa msoko, mukayandikize ku machesi. Thonje limayaka bwinobwino, limanunkha ngati pepala lopsa, n'kusiya phulusa lofewa. Poliyesitala imathawa moto, imakhwinyata n'kusanduka kambulu kolimba. Musanamize kuti chitenje chilichonse ndi thonje. Zitenje zotchipa zambiri za masiku ano n'zosakaniza, zina poliyesitala yeniyeni.

Yesaninso utoto. Nyowetsani kansalu koyera, mukasindikize pamalo obisika kwa kamphindi. Kakatuluka kofiira kapena kabuluu, ndiye kuti nsaluyo imasuluka, ndipo madzi ambiri adzasakaniza maluwa a chitenjecho n'kudetsa thupi la chidole.

Ngati chovala chikuvulika, chivuleni. Zidole zina zakunja zili ndi manja ozuka pamkono. Dzanja likakana, liviikeni m'madzi ofunda kwa kamphindi, pulasitiki yake imafewa n'kutuluka popanda kuthyoka. Lasitiki yakale musaikoke, imaduka.

Simbi ya makala ingagwire ntchito imeneyi?

Ingagwire, koma mosamala kwambiri, chifukwa simbi ya makala ilibe chokuuzani kuti yatentha motani. Pa simbi ya magetsi pali timadontho: kamodzi ndi madigiri pafupifupi 110, tiwiri 150, titatu 200. Thonje limapirira titatu, nsalu zapulasitiki zimafuna kamodzi. Simbi ya makala imene yangokupizidwa kumene imatha kupyola zonsezo, ndipo pa kansalu kochepa ngati chikhatho palibe malo oyesera. Kuwonjezera apo pali phulusa ndi timakala tothetheka totulukira m'mabowo ake. Kamodzi kokha kakwanira kuboola mkono wonse wa kamalaya. Ngati ndi simbi yokhayo imene muli nayo, yambani mwasita zovala zapanyumba, ndipo za chidole zibwere pomalizira moto utazilala. Tembenuzani chovalacho, yalani mpango woyera wonyowa pang'ono pamwamba pake, ndipo gwiritsani nsonga ya simbi yokha. Sindikizani n'kunyamula, osakhwekhwereza, chifukwa kukhwekhwereza kumatanula kansalu n'kupotoza misoko.

Ine ndimakonda supuni ya tiyi kuposa simbi iliyonse. Iviikeni m'madzi owira, muipukute, musite ndi kumsana kwake. Madzi owira sapyola madigiri 100, choncho supuniyo singapsereze nsalu, ndipo ubwino wina ndi wakuti imalowa m'khwapa, pansi pa kolala ndi pakati pa mabatani pomwe simbi singafike. Imazizira msanga, ndiye khalani ndi ziwiri zosinthanitsa m'kapu ya madzi otentha. Pa mikono ndi miyendo ya thalauza, kulungani kansalu pa pensulo, mulowetse mkati, musite mozungulira. Mukasita mkono uli chigonere mumasiya mzere wakuthwa umene pa chidole umaoneka waukulu mopitirira.

Pamene pali zilembo zomata, zithunzi zosindikiza kapena tizipi tapulasitiki, pasafike chotentha chilichonse.

Nanga chovala chosokeredwa kapena chomatidwa pathupi?

Zidole zambiri za ku Senga Bay n'zotere: nsalu inakulungidwa pa mtengo kapena pa waya n'kusokedwa pomwepo, kapena kumatidwa ndi guluu. Apa chothandiza ndi nthunzi ya ketulo. Madzi akawira, gwirani chidole patali ndi mlomo wa ketulo ngati utali wa chikhatho chotambasula, mudutsitse malo okwinyikawo m'nthunzi kanthawi kochepa chabe, muchotse, muwongole ndi chala, mudikire kuti pazizire. Bwerezani kangapo m'malo mokhalitsa kamodzi. Samalani zala, nthunzi imawotcha kuposa momwe imaonekera.

Koma nthunzi siisankha. Imene yafewetsa nsalu imafewetsanso zina. Osema ambiri amamalizira ziboliboli zawo ndi polishi wa nsapato, wakuda kapena wofiirira, kuti mtengo uwale. Polishi akafunda amasungunuka n'kulowa m'nsalu, ndipo banga lake pa chitenje chowala silichoka. Mtengo nawonso ukamwa chinyezi mbali imodzi n'kuuma mofulumira umang'aluka. Guluu amalekerera. Pa zidole zakunja, nkhope ndi manja n'zapulasitiki yofewa imene imapindika ikatenthedwa, ndipo tsitsi lake limakhwinyata osabwereranso. Choncho phimbani mutu ndi kajumbo, lowetsani kapepala kolimba koyera pakati pa nsalu ndi mtengo pamene pangatheke, ndipo ngati chidolecho chili ndi polishi wambiri, isiyeni nthunzi, mugwiritse madzi ozizira.

Madzi ozizira okha angawongole nsalu?

Angawongole, makamaka nsalu yathonje, ndipo njira imeneyi ndi imene ndimaikhulupirira kuposa zonse, chifukwa ndi yokhayo imene imachita ntchito ziwiri zija nthawi imodzi, komanso ikalakwika mumangonyowetsanso n'kuyambiranso.

Yambani mwaimika chidole momwe mukufuna kuti chidzakhalire mpaka kalekale: mkono wokweza, bondo lopinda, mutu wopenya kumbali. Nsalu imatsata thupi, choncho kukonza chovala thupi lisanakhazikike n'kutaya nthawi. Tengani madzi a mvula kapena owiritsa n'kuzizira. Madzi a mijigo ina ya kunyanja kuno ali ndi mchere umene umasiya mizere yoyera pa nsalu yakuda. Ndi kaburashi kofewa, kapena nthenga ya nkhuku yotsuka bwino, pakani madzi mpaka nsalu ichite chinyezi, osati kudontha. Kokani pang'onopang'ono makwinya a m'belo mpaka atha.

Tsopano yang'anani munthu weniweni. Onani mayi amene wabereka mwana pamsika wa nsomba: nsalu imakokeka kuchokera pamfundo ya pachifuwa, mipindo yonse imathamangira ku mfundoyo, pansi pa matako a mwana imakungika, ndipo nsonga zake zimalendewera molunjika pansi. Chitenje cha m'chiuno chimasalala m'mbali, chimaunjikana pomwe chapisidwa, ndipo m'munsi chimagwa mowongoka. Malaya a bambo amachita mipindo iwiri kapena itatu mkati mwa chigongono, amatukumuka pang'ono pamwamba pa lamba. Thalauza limapindika kuseri kwa bondo ndi pamwamba pa nsapato. Mipindo imeneyi ndi imene mukuiika pa chidole, ndi chikhadabo kapena kamtengo kotokosera m'mano. Isachuluke, itatu yoikidwa pamalo pake imaposa khumi yomwazika.

Kuti isamasuke pouma, kulungani ulusi woyera momasuka pa chigongono kapena m'chiuno. Ulusi wamtundu ungasiye utoto. Mapini ndi abwino pa chidole chansalu, koma achotseni nsalu ikangouma, chifukwa ndi chinyezi cha kunyanja dzimbiri silichedwa. Kulemera kumene kansalu kalibe mukhoza kukabwereka: panani ndalama yachitsulo m'mphepete mwa siketi kapena mkanjo ndi kopanira zovala, muisiye ikoke usiku wonse. Umitsani pamthunzi podutsa mphepo. Miyezi ya mwera, cha m'ma June ndi July, nsalu imauma bwino, kungoti chidole chikhale m'nyumba kuopa mchenga wouluka. M'dzinja, kuyambira December mpaka March, nsalu yokhuthala ikhoza kukhala yonyowa masiku awiri n'kuyamba chuku, choncho nthawi imeneyo chepetsani madzi ndipo sankhani tsiku lowala.

Pa mikanjo, mipango yolendewera ndi nsonga za duku zimene mukufuna kuti zioneke ngati zikuuluzika, osonkhanitsa zidole kunja amalowetsa kawaya kopyapyala mumpendero. Ifenso tikhoza: kawaya ka m'chingwe chakale cha magetsi kakwanira. Sankhani kokutidwa ndi pulasitiki, chifukwa kopa wosakutidwa amachita ndere yobiriwira n'kudetsa nsalu, ndipo pindani nsonga zake kuti zisaboole.

Ena amati sitachi ya chinangwa imalimbitsa nsalu. N'zoona?

N'zoona. Mukapala chinangwa, n'kuchifinya m'madzi, n'kusiya madziwo adikhe, pansi pamatsala ufa woyera wosalala. Kasupuni kamodzi kophikidwa m'kapu ya madzi mpaka ayere mbee, kenako n'kusungunulidwa ndi madzi ena, kamalimbitsa duku ndi kolala bwino kwambiri, ndipo kunyanja kuno chinangwa sichisowa.

Koma sitachi ndi chakudya. Mphemvu zimaifuna, mbewa zimaifuna, tizilombo tonyezimira timene timadya mabuku timaifuna, ndipo podya sitachiyo timadyera kumodzi ndi nsalu. Chuku nachonso chimamera msanga pa nsalu ya sitachi. Maganizo anga ndi awa: wogulitsa amene akudziwa kuti katundu wake achoka m'masabata ochepa akhoza kupaka pang'ono pa duku pokha, ndipo ndi bwino kumuuza wogula. Koma chidole chimene mukufuna kuti adzachione adzukulu anu chisalawe sitachi. Ena amasungunula guluu wa akalipentala m'madzi n'kupaka. Ameneyo amagwiradi, koma nsalu imauma gwa mpaka muyaya, ndipo simudzathanso kuichapa kapena kuisintha. Pa chidole chakale kapena chamtengo wapatali, ayi ndithu.

Zidole za gule wamkulu nazonso tizisite?

Ayi, ndipo apa ndikupempha kuti timvetsetsane. Sanza, ziguduli, khonje ndi nthenga za pa chifanizo cha gule sizinakhale choncho chifukwa chosowa wozisamala. Ndi momwe chilombocho chimaonekera chikatuluka ku dambwe kubwera pabwalo. Wopanga kachifanizoko anang'amba nsaluyo dala, anaidetsa dala. Mukaichapa n'kuisita, mwachotsa chimene chimachititsa kuti Mchewa akachiona achizindikire.

Amene akufuna kuona zimenezi ndi maso apite ku Mua, kumwera kwa Salima m'boma la Dedza, pa mishoni imene ansembe a White Fathers anaitsekula mu 1902. Kumeneko Bambo Claude Boucher Chisale, wansembe wochokera ku Canada, anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni mu 1976, ndipo m'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare muli nkhope za gule mazanamazana. Bungwe la UNESCO linalengeza gule wamkulu kukhala chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2005. Mukayenda m'nyumba imeneyo mudzaona kuti kukongola kwa zinthuzo sikudalira kusalala kwa nsalu.

Chimene mungachite pa kachifanizo ka gule kamene kaphwanyika m'chikwama n'chochepa. Nthenga zopindika zidutsitseni pa nthunzi pang'ono, muzisisite ndi zala kuchokera kutsinde kupita kunsonga, zimabwerera. Khonje lipeseni ndi zala zonyowa. Sanza zimene zapanikizika mbali imodzi zitukuleni, muzisiye zilendewere. Fumbi lichotseni ndi kaburashi kouma. Osunga zinthu zakale m'nyumba zotere amayendera lamulo lakuti usachite pa chinthu chimene sungathe kuchibweza, ndipo lamulo limeneli likuyenera kugwiranso ntchito pa chidole chilichonse chimene chakhalitsa pabanja, ngakhale tizifanizo ta m'khola la Khirisimasi timene timatulutsidwa kutchalitchi kamodzi pachaka.

Jekete la chidole changa likusupuka, ndipo thupi lake lachita mabanga akuda. Ndalakwitsa pati?

Mwina simunalakwitse paliponse. Majekete ndi nsapato zambiri za zidole zakunja n'zachikopa chabodza, nsalu yokutidwa ndi kapulasitiki kopyapyala. Kapulasitiki kameneka kamaonongeka ndi chinyezi ndi kutentha, ndipo zonse ziwiri kuno n'zosasowa. Kakayamba kusupuka palibe mankhwala. Simbi kapena nthunzi zimangofulumizitsa. Musakapindepinde, ndipo ngati mkono wa chidole uli wopinda, uwongoleni posunga.

Mabanga akudawo ndi utoto wa nsalu umene walowa m'pulasitiki yofewa ya thupi. Nsalu zakuda, zofiira ndi zabuluu ndi zimene zimachita zimenezi kwambiri, makamaka zikavekedwa zisanaumitsitse. Kupewa n'kosavuta kusiyana ndi kuchotsa: chovala chakuda chimene chikuvulika chitsukuluzeni m'madzi ozizira mpaka madzi atuluke oyera, chiume kotheratu, ndipo ngati n'kotheka sokani kamalaya koyera kopyapyala kamkati.

Ndikamaliza, ndisunge bwanji kuti makwinya asabwerere?

Chidole chiime, chisagone. Chikagona, kulemera kwake konse kumapanikiza nsalu ya kumsana, ndipo ntchito ya usiku wonse imatha m'sabata imodzi. Chikhale kutali ndi zenera: dzuwa la October ku Salima limasulutsa chitenje chofiira mofulumira, ndipo pulasitiki yoyera imasanduka yachikasu. Ogulitsa amene amayala katundu panja tsiku lonse angachite bwino kuika zidole zovala nsalu mkatikati mwa msasa, kutsogolo kukhale zosema zopanda nsalu, ndipo azisinthanitsa zimene zili pamaso.

Musatsekere chidole m'jumbo. Jumbo imasunga chinyezi, ndipo mukadzatsekula mvula itatha mudzapeza timadontho takuda ta chuku timene sitichoka. Nyuzipepala nayo imasiya inki. Chabwino ndi nsalu yoyera yathonje yochapa kale, kapena pepala loyera lofewa, ndipo m'mikono ndi pansi pa siketi mupisemo timapepala tofwanyafwanya kuti zisaphwatalale. Timapaketi toyamwa chinyezi timene timabwera m'mabokosi a nsapato ndi a mafoni musamataye. Tiwiri kapena titatu m'kabati timathandiza. Timibulu toyera tonunkha tothamangitsa njenjete tisayandikire zidole zapulasitiki, chifukwa mpweya wake umaononga mapulasitiki ena.

Polongedza katundu madzulo, kapena pomukulungira mlendo amene akupita naye kutali, kulungani chidole chilichonse pachokha, zosema zolemera zikhale pansi pa katoni, zidole zovala nsalu pamwamba. Muuzeni wogulayo kuti akafika achitulutse tsiku lomwelo, achiimike, ndipo pamene nsalu yaphwanyika apakepo timadzi ndi chala n'kuisiya iume yokha.